Mkhalakale wa rap akufuna wailesi, koma a mumsewu asamutaye

Wowerenga wina watilembera pa imelo. Ndi manijala wa rapa amene adagwira maikolofoni kalekale, ndipo pano akukonza chimbale chatsopano. Akufunsa kuti atani kuti nyimbo zilire pa wailesi ndi kulowa m'ma playlist (mindandanda ya nyimbo zosankhidwa ya pa intaneti), koma otsatira akale asanene kuti mdala wagulidwa. Maganizo ake ndi ogawa chimbale pakati, theka nyimbo zolimba, theka zofewa.

Achimwene, zogawa pakatizo zisiyeni. Wotsatira wakale akafika pa zofewazo amadumpha, watsopano akamva zolimbazo amatseka, ndiye aliyense mwamupatsa theka la chimbale. Zonse ziwiri zimayenera kukhala m'nyimbo imodzi. Ulemu wa mumsewu uli mu vesi, pomwe wailesi imayang'ana kolasi, kutalika kwa nyimbo ndi kamvekedwe. Vesi musayikhudze, zinazo sinthani. "Juicy" ya The Notorious B.I.G. ya mu 1994 idayenda choncho: biti yake idachokera mu nyimbo yofewa ya gulu la Mtume ya mu 1983, koma m'mavesi mwake muli umphawi weniweni wa ku Brooklyn.

Yambani ndi pulodyusa, ndipo akhale mmodzi, akachuluka awiri. Chimbale cha Jay-Z cha 4:44 chidatuluka mu 2017 iye ali ndi zaka 47, nyimbo 10, mphindi pafupifupi 36, zonse zili m'manja mwa pulodyusa No I.D. Nas adadalira Hit-Boy, mnyamata wochepa kwa iye ndi zaka pafupifupi 14, pa King's Disease ya mu 2020, ndipo ndi chimbale chimenechi chomwe chidamupatsa Grammy yake yoyamba mu 2021. Pulodyusa mmodzi amaphunzira pamene rapa amapumira ndi pamene mawu ake amakhala bwino. Mukatolera mabiti kwa anthu khumi pa WhatsApp, chimbale chimamveka ngati chovala cha zigamba.

Pa liwiro ndi pomwe akuluakulu ambiri amachita manyazi. Rapa amene adakulira pa boom bap, rap yachikale ya ng'oma zolemera, thupi lake lidazolowera 85 mpaka 95 BPM, kutanthauza kugunda kwa biti pa mphindi imodzi. Mukamuika pa trap, mtundu wa rap wamakono, ya 140 BPM, ali ndi njira ziwiri zokha: kuyenda pa theka lake, 70, n'kumveka waulesi, kapena kuthamanga ndi ma hi-hat (tizitsulo tolira mothamanga m'biti) n'kutha mpweya pakati pa mzere. Msiyeni pa liwiro lake. Chosintha ndi ng'oma: snare (ng'oma yaing'ono) yoyera, 808 (besi yakuya) pansi pa kick (ng'oma yaikulu), sample (kachidutswa kotengedwa mu nyimbo ina) yosefedwa bwino kuti isalimbane ndi mawu.

Tsopano masamu. Pa 90 BPM, vesi ya ma bar 16 (bar imodzi ndi kugunda kanayi) imatenga masekondi 43, kolasi ya ma bar 8 masekondi 21. Kalembedwe kakale ka intro ya ma bar 8, mavesi atatu ndi makolasi atatu kamafika mphindi zitatu ndi theka, musanaike outro ndi moni wopita kwa anzake onse a m'dera. Nyimbo zoterezi zikhalemo, chimbale ndi chake. Koma yopita ku wailesi ikhale ndi intro ya ma bar 4, kolasi ibwere pompo, mavesi awiri ndi makolasi atatu basi. Imeneyo ndi mphindi ziwiri ndi masekondi 40. Spotify imawerengera nyimbo ngati yamvedwa ikadutsa masekondi 30, choncho intro yaitali yolankhula imathawitsa anthu musanapeze kalikonse.

Nkhani ya m'mavesi ndiyo yovuta kumuuza mwini wake, koma muuzeni. Bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu amene akuyimbabe ngati adagona pakona dzulo amasekedwa ndi a mumsewu omwewo, chifukwa iwo amadziwa amene alipo ndi amene adasamuka. Chimene iye ali nacho, ana atsopanowa alibe, ndi zotsatira zake: anzake amene ali kundende, maliro amene adapitako, kontirakiti imene idamudyera, mwana wake amene wayamba kufunsa mafunso. Killer Mike adayimba za imfa ya mayi ake ndi za tchalitchi chimene adakuliramo pa Michael mu 2023, ndipo mu 2024 adatenga ma Grammy atatu ali ndi zaka 48. Palibe adati wafewa.

Oyimba nawo asapitirire atatu kapena anayi. Wachinyamata amene ali pamwamba panopa mumpatse kolasi, ndipo abwere ku situdiyo, chifukwa vesi yotumizidwa pa intaneti nthawi zambiri imakamba zake zosiyana ndi nyimboyo. Pepala la magawo a umwini wa nyimbo lisainidwe tsiku lomwelo, anthu akadali kuseka.

Sample iliyonse imafuna zilolezo ziwiri, cha mwini wa nyimbo yojambulidwayo ndi cha mwini wa mawu ndi mayimbidwe. Zoti masekondi ochepa salipiritsa ndi nkhambakamwa. Mu 1991 khothi la ku New York lidagamula mlandu wa Biz Markie, amene adatenga nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo, ndipo chimbale chake chidachotsedwa pamsika. Mukakanizidwa chilolezo choyambacho, mutha kuitana oyimba zida ayimbenso gawolo, koma chachiwiricho chimafunikabe. Yambani kulemba makalata nyimbo isanamiksidwe, poti mayankho amachedwa miyezi.

Ya pa wailesi yopanda zotukwana muijambule payokha, rapa asinthe mawuwo ndi ena ogwirizana ndi nyimbo. Kungodula kumasiya mabowo, ndipo mzere wabwino umafera pomwepo. Pomaliza mastering, kukonza komaliza kwa kamvekedwe, musafinye nyimbo kuti ingolira kwambiri: Spotify imatsitsa zolira kwambiri kufika pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kulira kwa nyimbo), ndiye mudzataya mphamvu ya kick popanda phindu. Imvereninso pa sipika ya foni. 808 yoyera imasowa pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kuithira saturation (kukhakhalitsa kamvekedwe) pang'ono kuti imveke ngakhale pa kasipika kakang'ono.

Potulutsa, itsogole nyimbo yolimba, ndi vidiyo yosadula. Otsatira akale akakhutira kuti mdala akadalipo, ndi iwo amene adzateteze ya wailesi ikamabwera patatha milungu itatu kapena inayi. Mukayamba ndi yofewa, adzaweruza chimbale chonse asanachimve. M'chimbalemo nyimbo yoyamba ikhale ya mavesi okhaokha, ya wailesi ikhale yachitatu kapena yachinayi. Pa Spotify for Artists, tsamba la Spotify la oyimba, mumaloledwa kupereka kwa akonzi a ma playlist nyimbo imodzi yokha yosatuluka, ndipo muipereke kusanatsale masiku 7 kuti ilowenso mu Release Radar, playlist ya nyimbo zatsopano, ya amene amatsatira rapayo.