"OK" sanachokere kunkhondo ayi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona zimene mnzanu wakuuzani pa Kamuzu Road, zoti "OK" anayamba ndi asilikali omwe ankalemba "0 killed" akabwerako kunkhondo popanda wofa. Nkhani imeneyo imakoma m'khutu, koma ilibe umboni. Mawuwa anabadwira m'nthabwala za atolankhani.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, mumzinda wa Boston ku America munabuka kachizolowezi kofupikitsa mawu m'manyuzipepala, ndipo ena ankachita dala kuwalemba molakwika kuti anthu aseke, monga amachitira ana athu pa WhatsApp masiku ano. "All right" ankamulemba "oll wright" n'kumufupikitsa kuti O.W. Ndiye pa 23 Malichi 1839, nyuzipepala ya Boston Morning Post inatulutsa "o.k." kuimira "oll korrect", kutanthauza kuti zonse zili bwino.

Anzake a O.W. aja anaiwalika. OK anapulumukira ndale. Mu 1840 pulezidenti Martin Van Buren ankafuna kulamuliranso, ndipo poti kwawo kunali ku Kinderhook m'chigawo cha New York, anthu ankamutcha Old Kinderhook. Omutsatira anakhazikitsa gulu lotchedwa O.K. Club, zilembo ziwirizi n'kumamveka pamisonkhano yonse. Mkuluyo anagonja kwa William Henry Harrison, koma mawu aja anali atakhazikika kale pakamwa pa anthu. Amene anafukula zonsezi ndi Allen Walker Read wa pa yunivesite ya Columbia, yemwe anasanthula manyuzipepala akale n'kulemba zomwe anapeza mu 1963 ndi 1964. Alipo ena amati ndi mawu a Choctaw, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, akuti "okeh", mpaka pulezidenti Woodrow Wilson ankalemba choncho, koma umboni wolembedwa ukuloza ku Boston.

Koma ine pomwe ndimaona kuti timapunthwa si pa mbiriyi, ndi pa kagwiritsidwe kake. Ife tinangomutenga OK ngati "chabwino" basi. Wakabaza akati mtengo wake ndi wakuti, iwe "OK tiyeni", apo zayenda. Tsono pitani ku Senga Bay: mlendo wadya chambo ndi tchipisi, woperekera zakudya akumufunsa mmene chakomera, iye n'kuyankha kuti "It was OK", uku theka la nsomba lili m'mbale. Mnyamata amabwerera kukhitchini akumwetulira, eti ayamikira. Sanayamikire ameneyo. Akutanthauza kuti n'za apo ndi apo, zadyeka koma palibe chodabwitsa. Chikadamukomera akadanena "lovely" kapena "delicious". Chimodzimodzi munthu akakufunsani kuti "Are you OK?" sakukupatsani moni wamba, waona kuti mwina chakuvutani chilipo, kaya mwagwa, kaya nkhope yatsika.

Pa kalembedwe musavutike: OK ndi okay onse ndi olondola, ngakhale okay anachita kubwera pambuyo pake. M'kalata yofunsira ntchito musamuikemo, si malo ake.

Chomwe chimandinyansa ndi ka "K" kokha komwe achinyamata ayamba kutumiza. Munthu wakulembera uthenga wautali, mwina wa mwambo wa maliro ku Khombedza, iwe n'kuyankha chilembo chimodzi! Ngakhale eni Chingerezi amakaona ngati kamwano. Kwa apongozi kapena abwana, lembani "Chabwino, ndamva, zikomo."