Kwa achemwali afunsa za tiana ta guppy aja

Achemwali mwati guppy yanu, nsomba yoweta mu thanki ija, yabereka usiku, munaona tiana tambirimbiri tikuzungulira mu thanki koma kwacha mwapeza tatsala tochepa, ndiye mukufunsa kuti tapita kuti komanso totsalato mutipatse chani. Pepani, tapita m'mimba mwa zikuluzikuluzo, ndipo mayi wake yemweyo wadya nawo. Guppy siikira mazira ayi, imabereka tiana tamoyo tosambira kale, kamodzi kamakhala mwina mamilimita 6 basi, ndiye kalikonse koyenda kokwana mkamwa kwa izo ndi chakudya. Musanaganize zodyetsa, tichotsenimo kaye.

Ngati muli ndi kathanki kena ndi bwino, ngati mulibe ndowa kapena beseni la pulasitiki likwana bola lisakhale lomwe munachapiramo ndi sopo, sopo amapha nsomba ngakhale mutatsukuluza kangapo. Madzi ake mutunge mu thanki momwe tabadwiramo, osati atsopano. Potitola gwiritsani kapu mmalo mwa neti, timavulala msanga. Tibokosi tija timagulitsidwa topachika mkati mwa thanki timathandiza masiku oyamba koma ine sindimatikonda kwenikweni, ndi tothina, ndipo yaikazi ukaitsekeramo nthawi yaitali isanabereke imapanikizika mpaka kutaya ana osakhwima. Amene sakufuna zosamutsa angodzaza zomera zowirira ngati java moss kapena hornwort, tina tibisala tipulumuka tina tidyedwabe.

Zakudya tsopano. Ma flakes omwe mumapatsa zazikuluwo ndi okwana, ingowafikisani ndi zala mpaka akhale fumbi lenileni, kenako nyowetsani kamtengo kotokosera mano, gunditsani pa fumbilo mukhudzitse pamadzi. Kamene kamatirira pa kamtengoko ndi muyezo wake umenewo. Muzitero katatu mpaka kasanu patsiku chifukwa timimba take nditating'ono, timadya pang'ono nkumvanso njala posachedwa. Mukapeza mazira a brine shrimp, tizilombo tating'ono ta m'madzi todyetsera nsomba, nkuwaswetsa m'madzi amchere, eee tiana timakula mochita kuoneka, timimba timasanduka ta orenji tikakhuta. Ena amapatsa chikasu cha dzira lowiritsa, chimagwira ntchito inde koma chimaononga madzi koopsa, kachidutswa kochepa kuposa kanjere ka mpunga kamodzi patsiku ndipo chotsala muchotse.

Ndipo apa ndi pomwe ambiri timaluzira nsomba, si njala ayi koma chikondi chopitirira. Munthu waona tiana tikuoneka tomvetsa chisoni ndiye akungothira chakudya, chikumira pansi chikuola, madzi ayamba ammonia, poizoni wochokera ku zoolazo, mawa lake tiana tikungoyandama pamwamba tikupuma movutikira zipsepse zitamatana, iye nkumati kwagwa matenda. Madzi akayamba kuoneka ngati otsukira mpunga dziwani kuti mwadyetsa mopyola. Pakatha masiku awiri kapena atatu alionse chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a madziwo, mukoke zinyalala za pansi ndi kachubu kakang'ono kaja ka air pump, makina opopera mpweya m'madzi aja, ndipo madzi mwachotsawo muyambe mwawayang'ana musanataye chifukwa mupezamo kamwana kamodzi kapena tiwiri, sizilephera.

Madzi obwezeramo akhale ofunda mofanana ndi omwe alimo. A pampopi ali ndi chlorine, thiranimo madontho ochotsera chlorine aja, apo ayi agone mu ndowa yosavundikira tsiku lathunthu. A pamjigo nthawi zambiri ma guppy amawakonda chifukwa ndi nsomba za madzi olimba, okhala ndi michere yambiri ya m'nthaka. Fyuluta yabwino ndi ya siponji, zinazi zimakoka tiana nkutimeza, ngati muli ndi yokokayo ndiye vekani kamwa lake siponji kapena kansalu ka sitoking'i mumange ndi labala.

Simunanene komwe muli koma ngati ndi ku Dedza, Mzuzu kapena Blantyre mwezi wa June ndi July hita ndiyofunika, nsombazi kwawo ndi kotentha, mbali za Venezuela ndi Trinidad uko, zimafuna madigiri 24 mpaka 27. M'madzi ozizira tiana timangopinimbira. Magetsi akazima kutani thankiyo ndi bulangete, musadyetse mpaka ayake, ndipo pakapita kanthawi muzitunga madzi ndi kapu nkuwatsanuliranso momwemo kuti mpweya ulowe. China chomwe anthu amaiwala, mankhwala opopera udzudzu ndi makoyilo, musapopere chipinda chomwe muli nsomba thanki ili yosavundikira.

Pakatha masabata anayi kapena kuposerapo pang'ono muyamba kusiyanitsa. Zazikazi zimakhala ndi kadontho kakuda chakumapeto kwa mimba, zazimuna kachipsepse kapansi kamasongoka ngati kandodo ndipo mitundu imayamba kutuluka. Pamenepo zilekanitseni ngati simukufuna kuti nyumba idzaze nsomba, zimayamba kukwerana zikadali zazing'ono. Zobwezera mu thanki yaikulu ndi pomwe mwaona kuti sizingakwanenso mkamwa mwa nsomba yaikulu kwambiri yomwe ilimo, osawerenga masiku, yerekezani ndi kamwa.

Komanso konzekani, yaikazi yomwe yaberekayo iberekanso pakatha pafupifupi mwezi ngakhale mutachotsa amuna onse lero, imasunga umuna mthupi nkumabereka kangapo ndithu. Zikachuluka mugawireko anzanu muno mu gulu kapena mukafunse kumashopu ogulitsa nsomba ngati angatenge, koma chonde osakataya mumtsinje kapena mu damu, zimaswana mwachangu nkumalimbirana chakudya ndi tinsomba tathu takonkuno. Tatumizani chithunzi cha thankiyo tione kukula kwake ndi fyuluta yomwe mukugwiritsa.