Tikusamukira ku Maputo: ana awiriwa tiwalembetse sukulu yanji?

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera imelo. Amuna ake apeza ntchito ya zaka 3 ku Maputo ndipo banja lonse linyamuka mu Januwale. Ali ndi mtsikana wa zaka 7 yemwe ali Sitandade 2, ndi mnyamata wa zaka 16 yemwe ali Fomu 3. Funso lawo: "Onse apite kusukulu ya Chingerezi chokhachokha, kapena yophunzitsanso m'Chipwitikizi?"

Mayi, ana awiriwa musawamange mtolo umodzi. Kwa wamng'onoyo nkhani ndi chilankhulo, koma kwa wamkuluyo nkhani ndi mayeso amene adzatuluke nawo pomwe kontrakiti ikutha.

Tiyambe ndi mnyamatayo, chifukwa apa ndi pamene makolo ambiri amapwetekera ana. Silabasi ya MSCE ndi ya Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo ku Maputo sakaipeza. Kumeneko njira za Chingerezi ndi ziwiri: ya Cambridge ya ku Britain, yomwe Maputo International School imatsatira, ndi ya IB (International Baccalaureate, silabasi yotsatiridwa m'mayiko ambiri), yomwe ili ku American International School of Mozambique komanso ku Aga Khan Academy ku Matola, mzinda woyandikana ndi Maputo. Ku Cambridge mwana amayamba ndi kosi ya zaka 2 yotchedwa IGCSE, kenako A Level zaka 2 zinanso. Akayamba IGCSE akafika, zaka zanu 3 zidzatha ali pakati pa A Level, mudzamuzule ndi theka la kosi. IB Diploma nayonso ndi ya zaka 2, Giredi 11 ndi 12. Pa sukulu yotsegulira mu Ogasiti, akalowa Giredi 10 mu Januwale, Diploma ayamba Ogasiti chaka chomwecho n'kulemba mayeso mu Meyi chaka chanu chachitatu. Masamu ake akukwana.

Koma musaione mopepuka. Diploma ili ndi maphunziro 6, atatu mwa iwo ozama kwambiri, kuphatikizapo kafukufuku wolemba yekha wa mawu ofika 4,000. Mapointi onse ndi 45, ndipo osafika 24 sapatsidwa Diploma. Mwana amene anazolowera kukopera manotsi pabolodi n'kuloweza amavutika miyezi yoyamba, chifukwa aphunzitsi amafuna kuti azitsutsa, kufufuza ndi kulemba maganizo ake. Funsani sukuluyo mosapita m'mbali ngati ingamulandire pakati pa chaka, kalasi imene imuike akalemba mayeso olowera, ndi thandizo lomwe imapereka pa Chingerezi cholemba. Yankho likhale lolembedwa.

Njira ina, yomwe ife timaiona yanzeru ngati fizi mukulipira nokha, n'kumusiya kuno pa sukulu yogonera komweko amalize Fomu 4. Kwatsala chaka ndi theka basi. MSCE ya makrediti 6 kuphatikizapo Chingerezi imamutsegulira khomo la mayunivesite aboma kuno, ndipo ku Maputo azibwera pa holide. Chimene tikukanizani kwamtuwagalu ndi kumuika pa sukulu ya Chipwitikizi chokhachokha pa msinkhu umenewu. Katswiri wa maphunziro a zilankhulo, Jim Cummins, anasonyeza kuti mwana amagwira chilankhulo chochezera m'chaka chimodzi kapena ziwiri, koma cham'kalasi, cholembera sayansi ndi mbiri, chimatenga zaka 5 mpaka 7. Mnyamata wanu zaka zimenezo alibe.

Mtsikanayo ndiye mwayi wake. Pa zaka 7 Chipwitikizi achitola pabwalo lamasewera, ndipo sukulu ya zilankhulo ziwiri imukomera. Aga Khan Academy imaphunzitsa makalasi aang'ono m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi. Kulikonse komwe mukaone, musakhutire ndi mawu a pachikwangwani. Pemphani ndandanda ya maphunziro a sabata yonse, muwerenge maola. Ngati Chipwitikizi chikuoneka katatu pa sabata ngati phunziro palokha, imeneyo ndi sukulu ya Chingerezi yokhala ndi kalasi ya Chipwitikizi. Ya zilankhulo ziwiri yeniyeni imaphunzitsa masamu kapena sayansi m'zilankhulo zonsezo. Musananyamuke, mukhazikeni pansi akuwerengereni tsamba limodzi mokweza, m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ngati akudodoma pa liwu lililonse, auzeni aphunzitsi atsopanowo kuti ayambe alimbitsa kuwerenga m'chilankhulo chimodzi. Akakhala chete mkalasi masabata angapo oyamba musachite mantha, amakhala akumvetsera.

Pakhomo pokha Chichewa chisazime. Chinyanja chimalankhulidwa ku Tete ndi ku Niassa, koma m'misewu ya Maputo mudzamva Chipwitikizi, Chishangana ndi Chironga. Mukasiya inu, mwanayo adzabwera kwa agogo ake osatha ngakhale kupempha madzi.

Za ndalama, fizi yolembedwa pa intaneti si yonse. Pali ndalama yofunsira malo yomwe sibwezedwa, ina yolowera kapena yachitukuko yomwe nthawi zina imakhala yaikulu ndithu, ya basi yonyamula ana, yunifomu, chakudya, ndi ndalama ya mayeso a IGCSE kapena IB. Bambo afunse kuntchito kwawo ngati akulipira zonsezi kapena fizi yokha, kwa ana angati, komanso m'madola kapena m'metikali. Werenganinso ndime yokhudza kuchotsa mwana: masukulu ambiri amafuna muwadziwitse kudakali teremu yathunthu, apo ayi mumalipira teremu imene mwana sanaphunzire. Dzina la sukuluyo lifufuzeni pa tsamba la IB kapena la Cambridge, chifukwa liwu lakuti International aliyense angathe kulipenta pageti.

Mapepala sonkhanitsani panopa, masukulu asanatsekere Khrisimasi: malipoti a zaka 2 zapitazi okhala ndi chidindo, kalata ya ahedi, setifiketi ya JCE, chiphaso chobadwira, mapasipoti, ndi buku lakuchipatala losonyeza katemera. Masukulu ena angafune mapepalawa atamasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndipo adzafunsa za chitupa chokhalira m'dzikomo chotchedwa DIRE.

Nyumba musachite lendi musanadziwe sukulu. Msewu wa EN4 pakati pa Matola ndi Maputo umathithikana m'mawa ndi madzulo, ndiye ngati mtsikana ali ku Matola mnyamata ali m'tauni, yesani kuyenda njirayo nthawi ya 7 koloko m'mawa, tsiku lantchito, musanasaine pepala lililonse la nyumba.