Kodi mineral oil amathothola tsitsi?

Funso: Botolo la mafuta amene ndimadzola m'mutu lalembedwa mineral oil. Mnzanga akuti amenewa ndi achibale a petulo, amathothola tsitsi. Nzoona? Mayi wa ku Mpondasi, Mangochi.

Yankho: Mayi, amachokeradi ku mafuta okumbidwa pansi, koma odzola amayeretsedwa kwambiri ndipo sathothola tsitsi. Mabotolo ena amalemba Paraffinum Liquidum. Vuto nlakuti salowa m'tsitsi ngati mafuta a kokonati, amangolikuta. Mukapaka louma, likhalabe louma. Linyowetseni kaye, kenako pakani madontho 3 kapena 4 kunsonga, osati pakhungu. Kutentha kwa kuno kunyanja mukukudziwa: thukuta ndi fumbi zimamatirira pa mafutawo, mutu nkumayabwa. Madzi okha sawachotsa, ngakhale mutasambira tsiku lonse. Tsukani ndi shampu kamodzi pa sabata.