Kodi filimu ya atsikana awiri okondana iyenera kuthera pamaliro?

Mtsikana wina wanditumizira imelo. Akulemba filimu yochititsa nthumanzi yonena za atsikana awiri a Fomu 3 amene akondana, adzaijambula ndi ndalama za m'thumba mwake, koma aliyense amene wawerenga zolemba zake akumuuza kuti mmodzi mwa atsikanawo afe kapena aphe munthu, apo ayi owonera adzaodzera. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona. Achemwali, funso lanu landisowetsa tulo.

Ndili Fomu 2 pa sukulu ina yogonera konko ndinali ndi mnzanga amene tinkagawana naye chilichonse, kuyambira sopo, shuga wa m'kabotolo, mpaka chigumu chimene amayi ankanditumizira. Tinalinso ndi kope limodzi momwe tinkalembamo nkhani za dziko lathu lopeka, lokhala ndi mafumu ake ndi mitsinje yake, ndipo tinkalibisa pansi pa matiresi. Tsiku lina amatironi analipeza, anawerenga mawu amene tinkalemberana, n'kuitanitsa makolo. Bambo ake a mnzangayo anagamula zomusamutsira ku sukulu ina, ndipo anatchuliratu tsiku lodzamutenga, Lachisanu la sabata yachiwiri. Masiku 14 amenewo ndi oopsa kuposa ena onse amene ndawaonapo. Tinkawerengera ndalama ya basi mu mdima, tinkakonza zothawa podutsa kuseri kwa khitchini, ndipo ine amene ndinali ndisanabepo kanthu ndinatenga ndalama m'thumba la mtsikana wina. Lachisanu linakwana, galimoto inabwera, mnzanga anakwera. Palibe amene anafa, koma mpaka lero mtima umandigunda ndikamva galimoto ikuima pa geti Lachisanu masana.

Amene akukulangizaniwo mwina akuganiza za Heavenly Creatures, filimu ya ku New Zealand ya 1994 imene Peter Jackson anaitsogolera atailemba ndi Fran Walsh, momwe Kate Winslet ndi Melanie Lynskey anayambira kuoneka m'mafilimu. Nkhani yake inachitikadi mu mzinda wa Christchurch. Pauline Parker wa zaka 16 ndi Juliet Hulme wa zaka 15 anali ndi dziko lawo lopeka lotchedwa Borovnia, ndipo makolo a Juliet atayamba kulekana, anakonza zomutumiza ku South Africa. Pauline anafuna kupita nawo, mayi ake anakana, choncho pa 22 June 1954 atsikanawo anawapha mayiwo ku Victoria Park ndi njerwa yoikidwa mu sokosi yaitali. Anakhala m'ndende zaka pafupifupi zisanu. Juliet anadzakhala Anne Perry, mlembi wotchuka wa mabuku a nkhani zaupandu amene anamwalira mu 2023, ndipo iye ankakana kuti unali ubwenzi wa chikondi ngati mmene anthu ankanenera, ngakhale ankavomera kuti unali womangana kopitirira muyezo.

Filimuyo ndi yabwino, inapambana mphoto ya Silver Lion pa chionetsero cha mafilimu ku Venice, koma ndatopa ndi anthu amene amangokumbukirapo njerwa. Njerwa imabwera m'mphindi zomaliza. Chimene chimamugwira woonera pakhosi kwa nthawi yonse yotsalayo ndi tsiku la ulendo limene likuyandikira, dokotala amene akuuza mayi kuti mwana wawo ali ndi vuto, ndi mawu a m'buku la Pauline amene akuwerengera masiku. Jackson sanapeke imfayo kuti akometse nkhani, inalipo kale m'mbiri ya khoti. Mlembi amene amapha mtsikana wopeka chifukwa wasowa mathero ndi waulesi, ndipo ndinene mosabisa kuti amaphunzitsa owonera kuti chikondi cha atsikana awiri ndi matenda othera m'manda kapena m'ndende. Amatironi athu ankakhulupirira zomwezo popanda kuonera filimu iliyonse.

Taonani Rafiki, filimu ya atsikana awiri okondana ya Wanuri Kahiu wa ku Kenya, imene inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu ku Cannes mu 2018. Bungwe loona za mafilimu m'dzikolo linailetsa, ndipo Kahiu anafotokoza kuti analamulidwa kusintha mathero chifukwa anali opatsa chiyembekezo, iye n'kukana. Khoti linachotsa chiletsocho kwa masiku 7 okha mu September chaka chomwecho, ndipo anthu anadzaza malo oonetsera mafilimu ku Nairobi. Ndiye kuti mathero opanda maliro ndi amene anaopsa akuluakulu.

Yankho lanu

Ayi, palibe ayenera kufa. Ikani tsiku lolekanitsa atsikanawo kumayambiriro kwenikweni, owonera alidziwe, kenako chinthu chimodzi chobisika ngati kope kapena foni chikhale m'manja mwa munthu wolakwika. Zimenezi sizifuna ndalama, chipinda chogona cha atsikana ndi geti n'zokwanira. Osewera akhale opitirira zaka 18, chikondicho chionekere m'maso ndi m'mawu basi. Musanajambule kuno kwathu funsani loya, chifukwa gawo 137A la malamulo a milandu ku Malawi limakhudza maubwenzi a chikondi pakati pa akazi okhaokha, ndipo osewera anu ndi amene adzayende m'misika filimuyo ikatuluka.