Kodi n'zoona kuti ku America mpira umalipira fizi?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Mwana wawo wamwamuna ndi wamtali, basketball ndiye moyo wake, ndipo wayamba kutaya mabuku ati chifukwa ku America mayunivesite amaphunzitsa osewera mwaulere n'kumawalipiranso. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi zimenezi n'zoona, kapena mwanayu akungondipusitsa?"

Mayi, mwana wanuyo sakunama ayi. Wangokuuzani mbali yokoma, yowawayo waisiya.

Masewera a m'mayunivesite kumeneko si chibwana. Bwalo la University of Michigan, mumzinda wa Ann Arbor, mumalowa anthu oposa 100,000, onsewo kudzaonera ana asukulu akusewera mpira wa chiamerika uja wovala zipewa zolimba. Zinayamba kalekale: mayunivesite a Rutgers ndi Princeton anakumana koyamba m'bwalo mu 1869. Pofika 1905 masewerawa anali atafika pa nkhanza moti anyamata ankafera m'bwalo, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt analowererapo. Chaka chotsatira panabadwa bungwe lomwe lero limatchedwa NCAA, ndipo ndi limene limayendetsa zonsezi. Ngakhale basketball ya mwana wanuyo inabadwira pasukulu: James Naismith anaiyambitsa mu 1891 ku Springfield, pofuna chowatangwanitsa ophunzira ake m'nyengo yozizira.

Tsono tibwere pa ndalama. NCAA inagawa masukulu m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi lachiwiri limapereka sikolashipu ya masewera, lachitatu silipereka n'komwe. Ndipo si wosewera aliyense amene amalipiriridwa zonse; ambiri amalandira kachigawo chabe, zotsalazo makolo azionere okha.

Za malipiro, kwa zaka zambiri zinali zoletsedwa. Makochi ankalandira mamiliyoni a madola, mawayilesi a kanema ankalemera, koma mnyamata wothyoka bondo uja akalandira mphatso ya ndalama ankalangidwa. Ine izi ndinkaziona ngati kudyera masuku pamutu ana a eni. Zinasintha mu 2021, pomwe khoti lalikulu la dzikolo linagamula motsutsana ndi NCAA pa mlandu wa Alston, ndipo kuyambira pa 1 July chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope zawo, monga potsatsa malonda. Koma apa mumvetsetse: wophunzira wochokera kunja amalowa ndi viza ya sukulu, yomwe ili ndi malamulo okhwima pa nkhani yogwira ntchito, choncho ndalama zimenezi kwa iye sizibwera mophweka ngati kwa mnzake wobadwira komweko.

Chomwe ndikufuna mukamuuze kwambiri ndi ichi: sikolashipu imeneyi ndi ntchito. Lamulo limati masewera akakhala m'kati, zokonzekera zisapitirire maola 20 pa sabata, koma maola a paulendo sawerengedwa m'menemo. Mwana amadzuka m'bandakucha kukanyamula zitsulo, kenako kalasi, masana m'bwalo, usiku mabuku maso ali psuu. Anzake akamapita kokasangalala Loweruka, iye ali m'basi kapena m'ndege. Nthawi zina ngakhale maphunziro amene akufuna amawasiya chifukwa akuwombana ndi nthawi ya kochi. Ndipo pa osewera 100 a basketball ya amuna, ofika mu NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basketball ku America, sakwana ndi awiri omwe.

 

Nanga mabuku akuwatayawo? Asanaponde m'bwalo la gulu loyamba kapena lachiwiri, mapepala ake a ku sekondale ayenera kudutsa ku ofesi yotchedwa NCAA Eligibility Center, komwe amaona ngati anakhoza Chingerezi, masamu ndi sayansi. Akalowa, magiredi akatsika amamukhazika pabenchi ngakhale atakhala katswiri wotani. Ndiye madzulo ano mufunseni kuti masamu a teremu yathayi anapeza bwanji, chifukwa pepala limenelo akalifuna kumeneko.