Asakukwirireni mawaya a tepi pabwalo

Achemwali, ndangoona pamene mwati mukufuna kuika magetsi pabwalo ndi m'maluwa panyumba yatsopanoyo, mtima wanga wachita kuti phaa. Ndilemba zambiri, mundikhululukire, koma musanagule ngakhale babu limodzi imvani kaye zimene zinandionekera ine.

Nafenso tinkafuna zomwezo. Kanjira kochokera pageti kufika pakhonde kaziwala usiku, ndi timizati tachitsulo tisanu ndi kamodzi m'mbali mwa kapinga, kalikonse ndi getsi lake pamwamba. Tinapeza bambo wina wamagetsi, wolankhula mokoma, amvekere ntchito iyi ndi ya tsiku limodzi mayi. Anaigwiradi tsiku limodzi. Madzulo zonse zinayaka, tinajambula zithunzi, ine mpaka kumuonjezera kangachepe pothokoza. Chilimwe chonse palibe chinavuta.

Kenako mvula. Tsiku limenelo inavumba masana onse, n'kudzakata kukuyamba kuda. Mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali ndi zaka 7, anatuluka wopanda nsapato kukatola mpira wake umene unagudubuzikira pa mzati wachitatu. Ine ndinali pakhonde ndikukolopa madzi. Ndinangomva mawu achilendo, osati kulira kwa mwana amene wagwa ayi, koma ngati munthu wam'kanyanga pakhosi. Pocheuka ndinamuona atagwada m'matope, dzanja lili pa mzati, thupi lonse likunjenjemera, maso ali tong'o. Ndinataya chokolopera n'kuthamanga kuti ndikamukoke. Bambo ake anakuwa kuchokera pakhomo kuti usamugwire, usamugwire, iwo akuthamangira kukathimitsa meni swichi. Abale, ndinaima pamenepo, mwana wanga ali pafupi ngati apa, manja anga ali m'mwamba, osatha kumukhudza. Mwina anali masekondi ochepa chabe koma kwa ine linali tsiku lathunthu. Magetsi atathima anangoti khwefu, kugwera chammbali. Pachikhatho panali kachilonda kotuwa, kakang'ono ngati batani la malaya. Tinathamanga naye kuchipatala, anamuyeza mtima, tinagona komweko usiku umodzi. Ali bwino, wakula tsopano, koma anatha miyezi osafuna kuponda kapinga, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo.

Titabwerako tinakumba. Ndikamakumbukira zimene tinapeza magazi amawira mpaka lero. Waya unali wamba, womwe uja wa m'nyumba, wopanda paipi, wongokwiriridwa pakuya kosakwana chikhatho, moti khasu lopalira maluwa likanaudula tsiku lililonse. Pa mzati uliwonse anangopota mawaya, kukulunga tepi yakuda, kuvindikira kajumbo, basi dothi pamwamba. Tepi inali itamatuka, mkati muli matope okhaokha. Waya wa earth, umene umatengera magetsi otayika pansi, sanaulumikize ku mzati ngakhale umodzi. Ndipo m'bokosi la magetsi, nthambi yopita panjayo anaiika pa breaker wamba, yopanda earth leakage. Ine sindinkadziwa kusiyana kwake. Breaker wamba imateteza mawaya kuti asapse, siidziwa kuti munthu wagwidwa. Earth leakage, ena amati RCD, ya 30mA, ndi imene imadula yokha magetsi akangoyamba kudutsa m'thupi la munthu kupita pansi. Ikanakhalapo bwenzi itathimitsa mwana asanagwade n'komwe.

Nditamuimbira wamagetsi uja mukudziwa anayankha chiyani? Akuti nanga mwanayo amakatani panja kutagwa mvula. Ndithu! Osafunsa kuti ali bwanji. Mawa lake foni osayankhanso. Munthu wa ana ake amene, kukwirira msampha pakhomo pa mnzake n'kulandira ndalama akumwetulira. Akuyendabe ndi chikwama chake cha zida, ndipo ndikudziwa kuti kwinakwake kuli bwalo lina limene likungodikira mvula.

Ndiye inu, poyamba yang'anani manambala a IP pa katoni ya getsi, amene amaonetsa mmene getsilo latetezedwera ku fumbi ndi madzi. Nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ndi ya madzi. IP44 imapirira madzi ongowaza, ndiye ndi ya pansi pa denga la khonde. Pamtetete pamene mvula imamenya mwachindunji, IP65. Timagetsi tokwirira pansi kapena pamalo podikha madzi, IP67. Ngati katoni sinalembe chilichonse, isiyeni, kaya ikukongola bwanji. Waya wopita pansi ukhale wa armoured, wokutidwa ndi chitsulo, kapena ulowe mu paipi, ndipo akumbe mozama, pafupifupi theka la mita. Polumikizira pakhale m'kabokosi kosalowa madzi, pamwamba pa nthaka pamene mungathe kutsegula n'kuona.

Za kaikidwe, ife tinalakwitsanso pena, ndipo apa sindinganamizire munthu. Tinagula floodlight, getsi lowalitsa malo aakulu, ya 100W n'kuiloza kugeti, ati kuopseza akuba. Inkatithobwa ife eni ake tikamalowa, moti masitepe osawaona, pomwe kuseri kwa mpanda wa maluwa kunali mdima wa ndiweyani, pabwino pobisala munthu. Aneba nawo anadandaula kuti ikuwalira kuchipinda kwawo. Getsi la panja liziloza pansi, lizionetsa pamene phazi likuponda: masitepe, pokhota kanjira, pa loko wa geti, pa chitseko chakuseri. Timagetsi tambiri tofooka timaposa limodzi lamphamvu. Musamayang'ane mawati okha, onani ma lumens, muyeso wa kuchuluka kwa kuwala. Babu la LED la 9W kapena 10W limatulutsa pafupifupi 800 lumens, ngati lakale lija la 60W, ndipo pakanjira ngakhale limenelo lachuluka. Mtundu wa kuwala sankhani 2700K kapena 3000K, kofiirira kuja. Koyera mbuu kwa 6500K kumaitana tizilombo touluka kwambiri, ndiye mukaika pamwamba penipeni pa chitseko, mukangotsegula tonse tili m'nyumba. Liikeni chapambali.

Nyale ya sensa, yoyaka yokha munthu akamadutsa, imamva kutentha kwa chinthu chimene chikuyenda. Ikhale pamtunda wa mamita awiri kapena awiri ndi theka, ndipo imagwira bwino munthu akamadutsa chopingasa kusiyana ndi akamabwera molunjika. Musailozetse kumsewu, izingoyaka ndi galimoto iliyonse, nanunso muzolowera osadzukanso kukasuzumira. Yathu amaiyatsa ndi mphaka wa aneba usiku wonse koma sindinaichotse, floodlight ijanso ilipobe, tinangoiweramitsa.

Ena akuuzani kuti gulani za sola muthane nazo. Ine ndimati zambiri n'zachabechabe, batire imatopa pakatha chaka kapena ziwiri, ndipo kukachita mitambo masiku awiri zimathima usiku usanafike pakati. Pansi pa mtengo ndiye musayese, zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Komabe m'kanjira mwathu muli sola zokhazokha panopa, chifukwa sindingathenso kuona mzati wachitsulo uli ndi waya wa magetsi a m'nyumba pamene ana amasewera. M'maluwa tinaika za 12V zodzera pa thiransifoma, zimene ngakhale waya utaduka sizingagwire munthu chonchija. Kungoti waya ukatalika kwambiri magetsi akumapeto amafooka, ndiye mugule wonenepako.

Amagetsiwa ine sindiwakhulupiriranso, za 12V ndinalumikiza ndekha nditagwada pa kapinga. Koma inu musayerekeze kugwira nokha za m'bokosi lalikulu, itanani wamagetsi, wa mapepala ake, akuonetseni. Pokwirira mukhale pomwepo, dzenje asalitseke musanaone ndi maso anu, mujambule pamene waya wadutsa kuti wolima asadzakhape. Akamaliza akuonetseni kabatani ka test pa earth leakage, mudine nokha iye ali pompo. Magetsi apanja akapanda kuthima, ndalama musapereke.